Kasitomala Womaliza

"Ndati gonani! Kodi makutu anuwo ndi ongokongoletsa mutu?"

Mawu a azakhali anadutsa khoma la matabwa ngati kuti panalibe khoma. Chete anali chigonere pabedi pake, maso kudenga, buku la sukulu lili chivundikire pachifuwa. Kuseri kwa matabwawo mlongo wake Phokoso, wa zaka zisanu, ankadumphadumpha pamatiresi, pamene Kadazi, wa zaka zitatu, anali atalira mpaka mawu kusasa.

"Mukapanda kugona ndiitana apolisi," anatero azakhali.

"Aitaneni," anayankha Phokoso. "Apolisi onse amametedwa ndi adadi. Ndi anzathu."

Chete anadziluma mlomo kuti asaseke. Iye ankadziwa chimene anawo ankafuna. Mwa akuluakulu onse a m'nyumbamo ndi iye yekha ankadziwa, ndipo anali asanauze munthu.

Bambo awo anali wometa anthu. Anagwa kubabashopu kwawo masana, chipeso chili m'manja, kasitomala atametedwa mbali imodzi yokha, ndipo pofika nawo kuchipatala n'kuti atatsirizika kale. Maliro anapita. Mipando yobwereka inabwezedwa kwa eni ake, alendo anabalalika, kunatsala azakhali okha, mlongo wawo wa malemuwo, amene anati akhalako kaye mpaka nyumba itakhazikika. Koma nyumba ingakhazikike bwanji ana osagona? Chichokereni kumanda, dzuwa likangolowa anawo ankasanduka ena. Azakhali anayesa kuwasambitsa madzi ofunda, anayesa kuzimitsa nyali, anayesa nyimbo, anayesa kuopseza. Mayi awo anayesa kugona pakati pawo. Zonse zinakanika. Anawo ankagwa ndi tulo m'bandakucha atatopa ndi kulira, ndipo masana ankasinza pa mbale ya phala.

Mayina onse a ana m'nyumbamo anapereka ndi bambo. Chete anabwera ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi ake omubereka atamwalira, atanyamula kachikwama kabuluu ka zovala. Anapeza bambo ake ali ndi mkazi wina. Sabata yathunthu sanatsegule pakamwa, ndipo bambo, munthu amene ankatha kucheza ndi kasitomala aliyense kuyambira za mpira mpaka za mvula, anasowa chonena kwa mwana wawo yemwe. Anangomutcha Chete, dzina n'kumata. Pambuyo pake kunabadwa mnyamata wolira ngati wailesi, anamutcha Phokoso. Kenako kunabwera kamtsikana kopanda ndi katsitsi kamodzi komwe, anakatcha Kadazi, n'kumaseka kuti kabwera kudzawagwetsera bizinesi.

Macheza a bambo ndi Chete anali aafupi ngati mchira wa mbuzi.

"Kusukulu bwanji?"

"Bwino."

"Chabwino."

Basi. Koma ndi ang'onowo! Mayi a Phokoso ankagwira ntchito yausiku kophika buledi, choncho ogoneka ana anali bambo. Madzulo alionse akaweruka ankasamba m'manja, kudya, kulowa kuchipinda kwa anawo n'kutseka chitseko. Chete ankamva zonse, pakuti bedi lake ndi bedi la anawo anagundana mitu, matabwa ali pakati.

"Shopu yatsekulidwa! Woyamba ndani?"

"Ine! Ine!"

"Takhalani apa, bwana. Timete bwanji lero?"

"Ngati mkango!"

Ndiye pankamveka chepu, chepu, chepu, pang'onopang'ono, mawu a bambo akutsika, kuseka kwa anawo kukuzirala, mpaka kuli zii. Pomaliza penipeni pankamveka go, go, go pakhoma, cha pamwamba pa pilo wa Chete. Iye ankadziwa kumene kugogodako kunachokera. Kubabashopu bambo akamaliza munthu ankagogoda chipeso pampando kuti tsitsi ligwe. Ndiye kuti ankakutumulira chipeso chawo pamutu pake, osakumbukira n'komwe kuti kuseriko kwagona munthu. Usiku uliwonse Chete ankatembenukira uko n'kufunda bulangete kumutu. Mutu wake bambo anali asanaugwirepo. Tsitsi lake ankaluka ndi mayi wina woyandikana nawo nyumba.

Ngakhale pamaliro zinali chimodzimodzi. Amayi obwera kudzapepesa ankanyamula Kadazi, kusisita Phokoso, uku akuti, "Kalanga ine, tiana iti, tatsala pamtunda." Akafika pa Chete ankati, "Iwe wamkulu, tatenga makapu awa ukatsuke." Panalibe amene anakumbukira kuti kwa iye aka kanali kachiwiri.

Ndiye anawo alire, Chete ankatero mumtima. Amve nawonso mmene kumakhalira kuseri kwa khoma. Ankadziwa kuti anali maganizo oipa. Ankadziwa kuti mtsikana wa msinkhu wake sachitira nsanje mwana woti amanyowetsabe pogona. Koma nsanje siifunsa zaka.

M'mawa mwake, Loweruka, Chete ankatsuka mbale pampopi wa panja, pansi pa windo la kukhitchini. Azakhali sankadziwa kunong'ona.

"Mlamu, Lolemba mukubwerera kuntchito. Ana awa muwasiya ndi yani?"

"Pali Chete."

"Chete wake uti? Uyu woti ana akulira iye ali phee ngati mwala? Ine ndaganiza kale. Mwana wanga wamkulu uja akungokhala, ndipo ali ndi dzanja la ana. Abwere atenge chipinda icho. Uyu apite kwa amalume ake, abale a mayi ake. Ndalankhula nawo pafoni, akubwera Lolemba m'mawa."

"Mwalankhula nawo musanandifunse?"

"Ndikukuthandizani, mlamu. Kanyumba kano n'kakang'ono, si kosungiramo munthu wosathandiza."

"Ndi mwana wa mwamuna wanga. Ndi mwana wa mlongo wanu."

"Mlongo wangayo ali kuti? Zija amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, amanena ndi anthu okhuta."

Chete anaima chigwirire mbale, madzi akungotayika pansi.

"Ndatopa, mlamu," anatero mayi a Phokoso. "Mutu wanga sukugwira. Tione kaye."

Tione kaye. Sanati ayi.

Patapita kanthawi mayi a Phokoso anatuluka ndi zochapa. Maso awo anali otupa, ndipo duku anamanga mopotoka. Anaika beseni pansi n'kuima pambali pa Chete.

"Iwe umagona kuseri kwa khoma lija. Bambo ako ankatani nawo anawa kuti agone? Ine nthawi imeneyo ndimakhala nditapita."

Chete anayang'ana thovu la sopo m'manja mwake. Mawu anafika mpaka pamlomo.

"Mumufunse Phokoso."

"Ndamufunsa. Akuti ndi zachinsinsi. Akuti ndi za iye, Kadazi ndi adadi awo basi."

Za iwo basi. Mawu aja anabwerera m'mimba.

"Ine sindidziwa," anatero Chete. "Ndimakhala ndikuwerenga."

Mayi a Phokoso anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene munthu amayang'anira buledi mu uvuni kuti aone ngati wapsa. Kenako ananyamula beseni lawo.

Lamlungu masana Chete atalowa kuchipinda kwake anapeza kachikwama kabuluu kaja kali pabedi. Azakhali anali atakatulutsa kunsi kwa bedi, n'kukapukuta fumbi.

"Ulongedze lero," anatero ali pakhomo. "Mawa usadzachedwetse anthu."

Kachikwamako kanali katachepa. Kanabwera ndi zovala za mwana, tsopano masiketi a sukulu okha akanakadzaza. Chete anapinda bulauzi, n'kuipindula, n'kuipindanso. Ali choncho, chitseko chinakankhidwa pang'ono. Anali Kadazi. Ankayenda mopepesuka ngati woledzera, maso ali psuu, mlomo utatupa chifukwa m'mawa anasinza pakhonde n'kudzimenya pa sitepe. Anagwira dzanja la Chete ndi manja ake onse awiri, n'kulikoka, n'kuliika pamutu pake. Tsitsi linali litamera tsopano, lofewa ngati la mwanapiye.

"Chepu," anatero Kadazi.

Chete anachotsa dzanja msanga ngati wagwira poto wamoto.

Kadazi sanalire. Anamuyang'ana, kenako anaika kadzanja kake komwe pamutu, n'kutuluka akudzisisita yekha. Chete anakhala pansi pabedi. Zonena za azakhali anazipirira, koma ichi chinamulowa m'mafupa.

Chikwama cha ntchito cha bambo chinali pamsomali kuseri kwa chitseko cha pabalaza. Anachibweretsa ndi wosoka nsapato wa pafupi ndi babashopu, ndipo chibwerereni panalibe amene anachitsekula. Madzulo amenewo, nkhondo ya kuchipinda kwa ana itayamba, Chete anachitsitsa. Fungo la paudala ndi mafuta a tsitsi linamuomba kumaso, moti anayamba waima kaye atagwira khoma. Anatulutsa sizasi, chipeso ndi thaulo loyera. Sankadziwa ngati akuchitira Kadazi, kapena akuopa amalume a mawa, kapena akungofuna kulowa kamodzi kokha m'chipinda chimene chinkamutsekera kunja zaka zonsezi. Mwina zonse.

Anadikira mpaka azakhali atatuluka kukamwa madzi akung'ung'udza, iye n'kulowa, n'kutseka chitseko.

"Shopu..." Mawu anatuluka aang'ono. Anatsokomola. "Shopu yatsekulidwa."

Phokoso anasiya kudumpha. Kadazi anatulutsa chala m'kamwa.

"Mwazidziwa bwanji?" anafunsa Phokoso, atakwinya nkhope. "Ndi zachinsinsi."

"Khoma ili ndi lopyapyala. Woyamba ndani?"

Kadazi anakwawa pamatiresi n'kudzakhala kutsogolo kwake. Chete anamukulunga thaulo m'khosi monga ankaonera kubabashopu, anatenga chipeso, kenako anakweza sizasi n'kuitsekula. Chitsulo chinanyezimira ndi nyali.

Kadazi anakuwa. Anagwira makutu ake onse awiri n'kudzigwetsa chagada, miyendo ikupalasa m'mwamba. Chitseko chinatsekuka mwamphamvu.

"Mayo ine! Wapenga iwe?" Azakhali anali atagwira m'mutu. "Sizasi pamutu pa mwana? Mlamu, bwerani mudzaone! Uyu ndiye mumati musiye naye ana?"

Mayi a Phokoso anafika akuthamanga. Anayang'ana sizasi, anayang'ana thaulo la amuna awo m'khosi mwa Kadazi, n'kuyang'ana Chete. Anatambasula dzanja, Chete n'kuwapatsa sizasiyo osadzutsa mutu.

Apo m'pamene Phokoso anayamba kuseka. Anaseka mpaka kugubuduka.

"Achemwali sadziwa! Adadi sameta ndi sizasi kuno! Amameta chonchi!"

Anakweza zala ziwiri, kuzitsekula ndi kuzitseka, uku lilime likulira m'kamwa: chepu, chepu, chepu. Anali mawu omwe aja, ndendende. Nkhope ya Chete inatentha. Zaka zonsezi ankati akudziwa zonse, chonsecho ankadziwa za makutu zokha.

"Unati sudziwa," anatero mayi a Phokoso motsitsa mawu.

Chete anayang'ana zala za kumapazi kwake. "Ndimangomva, amayi. Sindinaonepo."

Mayi a Phokoso anaika sizasi m'thumba la diresi.

"Mlamu, tiyeni."

"Timusiye? Pambuyo pa zimenezi?"

"Tiyeni. Shopu ili ndi eni ake."

Chitseko chinatsekedwa. Azakhali anapita pabalaza akuyankhula okha. Mapazi enawo sanapite kutali. Chete anamva chitseko cha chipinda chake chikulira, kenako bedi lake likuti kwee, munthu atakhalapo. Mayi a Phokoso anali kuseri kwa khoma.

"Muyambirenso," analamula Phokoso. Anali atakhala tsonga, manja m'chiuno ngati mwini shopu. "Muyambe mwafunsa."

Chete anadzutsa Kadazi, kumupukuta misozi ndi nsonga ya thaulo, n'kumuonetsa manja kuti alibe kanthu.

"Timete bwanji lero, adona?"

Kadazi anafwenthera m'mwamba. "Ngati nkhuku."

"Nkhuku yake iti? Tambala kapena thadzi?"

"Yoyera."

"Tsopano mumuuze atseke maso," anatero Phokoso. "Wometedwa satsegula maso, tsitsi lingalowemo. Ndipo sagwedeza mutu, khutu lingadulidwe."

Chete anatsala pang'ono kuseka. Ndiye nzeru yake inali imeneyi! Mwana ukamuuza kuti gona amakana, koma kasitomala amatseka maso yekha.

"Mwamva, adona? Tsekani maso."

Kadazi anatseka. Chete anaika zala ziwiri pamwamba pa mutu.

"Ayi! Amayambira kuseri kwa khutu. Kenako kunkhongo. Mwafulumira! Kodi mukuthamangira basi?"

"Pepani, bwana."

Anayambira kuseri kwa khutu. Chepu. Lilime lake linkachita manyazi poyamba, kenako linazolowera. Chepu, chepu. Zala zinayenda pang'onopang'ono kutsikira kunkhongo, kuzungulira ku khutu linalo, kukwera pachipumi. Mutu wa Kadazi unali wofunda, unkanunkhira sopo ndi thukuta la kulira. Pang'ono ndi pang'ono unayamba kulemera, mpaka unatsamira pachifuwa cha Chete.

"Muuzire m'khosi," ananong'ona Phokoso. "Kuchotsa tsitsi."

Chete anauzira, fuu. Kadazi sanagwedezeke. Anamugoneka, kumufunditsa, n'kuchotsa thaulo bwinobwino.

"Wotsatira."

Phokoso anafuna ya mkango, ndipo anali kasitomala wovuta. Anati thaulo lathina. Anati adadi amafunsa za mpira. Anatsegula diso limodzi n'kunena kuti mbali iyi yatsalira. Koma mawu ake ankanka natalikirana, ndipo Chete atazungulira mutuwo kachitatu, mkango unayasamula n'kudzigwetsa pa pilo.

Chete anapinda thaulo. Miyendo inali itachita dzanzi. Atati adzuke, Phokoso anamugwira siketi, maso ali chitsekere.

"Simunamalize."

"Ndamaliza, gona."

"Watsala kasitomala womaliza."

Chete anayang'ana m'chipindamo. "Ndani?"

"Achemwali." Phokoso anayankhula ngati munthu wa kumaloto, osazindikira kuti achemwali akewo ndi omwe akuwagwira siketi. Anakweza dzanja mwaulesi n'kuloza khoma, pamwamba pa mutu wa bedi. "Apo. Adadi amati mutu wa achemwali uli apo. Amati ndi kasitomala wamanyazi, salowa mushopu, ndiye timamumetera pakhoma."

"Amatani?"

"Amagwada. Amameta osachita phokoso, chifukwa achemwali akuwerenga. Akamaliza amagogoda. Ndiye kuti mwatha, dona wamkulu, kagoneni." Anayasamulanso. "Amati tsiku lina adzayankha."

Dzanja la Phokoso linagwa pa bulangete.

Chete anagwada pabedi pakati pa ana awiriwo. Anayandikira khoma. Matabwa onse anali otuwa, koma pamalo amodzi, aakulu ngati chikhatho, panali pakuda ndi posalala, pamene zala zamafuta zinkadutsa madzulo ndi madzulo. Anayeza ndi maso. Kuseri kwake kunali pilo wake.

Anakumbukira mausiku onse amene ankafunda bulangete kumutu. Kenako anakweza zala ziwiri n'kuziyendetsa pathabwapo osatulutsa mawu. Atamaliza anapinda chala.

Go, go, go.

Kuseriko kunali zii. Kenako bedi linalira, mayi a Phokoso akudzuka. Panamveka zovala zikuikidwa pampando, chimodzi chimodzi, ndipo pambuyo pake kachikwama kopanda kanthu kanakwekwesedwa pansi, kubwerera kunsi kwa bedi.

Chete anatsamiritsa mutu wake pamalo akuda aja, kuyambira kuseri kwa khutu. Thabwa linkanunkhirabe mafuta a tsitsi. Anatseka maso, ndipo sanagwedeze mutu.